Mmene mungasungire ntchito zanu za kuyunivesite pa intaneti popanda kudalira dongosolo la sukulu

Funso la ophunzira a kuno ku Mzuzu ndi lakuti angasunge kuti ntchito za m'kalasi, malipoti ndi masatifiketi, popeza akaunti ya sukulu nthawi zambiri imatsekedwa munthu akamaliza maphunziro.

Choyamba, tsegulani akaunti ya Gmail ya dzina lanu lenileni, chifukwa imabwera ndi malo aulere a 15 GB pa Google Drive. Ikanimo mafayilo m'mafoda a chaka ndi phunziro, ndipo zolemba muzisunge ngati PDF kuti zisasokonekere pa foni. Ngati sukulu yanu imagwiritsa ntchito Mahara (pulogalamu ya pa intaneti yosungiramo ndi kuonetsera ntchito za ophunzira), tsitsani zanu zonse ngati HTML (mafayilo otseguka ngati masamba a pa intaneti) musanachoke.

Kenako pangani tsamba loonetsera ntchito zanu pa Google Sites, lomwe ndi laulere ndipo silifuna luso lolemba mapulogalamu; ophunzira za kompyuta angasankhe GitHub Pages, njira ina yoikira tsamba pa intaneti. Apa m'pofunika kudekha kwambiri, pakuti ambiri amangounjikamo chilichonse. Sankhani ntchito 5 kapena 6 zomwe mumazinyadira, ndipo pansi pa iliyonse mulembe zomwe munapatsidwa, zomwe munachita inuyo ndi zomwe munaphunzirapo, chifukwa wolemba anthu ntchito amafuna kuona kaganizidwe kanu. Ophunzira unamwino kapena uphunzitsi achotse mayina ndi zithunzi za odwala ndi ana asukulu.

Chepetsani kukula kwa zithunzi, popeza bandulo ndi yodula. Pomaliza, lolani aliyense amene ali ndi linki kuona mafayilowo, ikani linki ya tsamba lanu pa CV ndi pa LinkedIn (tsamba la pa intaneti lolumikizirana pa nkhani za ntchito), ndipo musunge kope lina pa flash.