Kakololedwe ndi Kakonzedwe ka Thonje la Mtengo wa Kapok

Mtengo wa kapok, umene akatswiri a zomera amautcha Ceiba pentandra, ndi wa banja limodzi ndi mlambe komanso thonje, ndipo m'nkhalango za ku South America ndi kumadzulo kwa Africa umatha kutalika kupitirira mamita 60. M'kati mwa zipatso zake, zomwe zimakhala zotalika pafupifupi masentimita 15, mumakhala ubweya wopepuka kwambiri umene anthu amaika m'mapilo ndi m'matiresi.

Chachikulu pa ntchito yonseyi ndi kudziwa nthawi yothyola. Dikirani kufikira zipatso zitasiya kubiriwira n'kuyamba kuoneka zofiirira ndi zamakwinya, koma musalole kuti zing'ambikire mumtengo momwemo, chifukwa zikatero mphepo imaulutsa ubweya wonse pamodzi ndi njere zake. Zosakhwima nazo n'zosathandiza, pakuti ubweya wake umakhala wonyowa ndipo suchedwa kuchita nkhungu. Gwetsani zipatsozo ndi ndodo yaitali yokhala ndi ngowe kunsonga. Kukwera mtengowu sikoyenera, makamaka popeza thunthu la mitengo yambiri ya mtunduwu limakhala ndi minga zikuluzikulu.

Yanikani zipatsozo padzuwa mpaka makoko atauma gwa, kenako muziswe pozimenya pang'ono ndi kamtengo. Mudzapeza ubweya wotuwira utapanikizana mozungulira njere zakuda. Mosiyana ndi thonje la kumunda, njerezi sizimamatira ku ubweya, choncho mukauyanikanso, n'kumautakasa ndi ndodo m'dengu lakuya kapena pa sefa ya mawaya, njere zimagwera pansi zokha pamene ubweya ukufufuma.

Ntchito yotakasayi ichitikire pamalo potchingidwa ndi ukonde kapena posawomba mphepo, ndipo mphuno ndi pakamwa zikhale zophimbidwa ndi nsalu, chifukwa timaulusi touluka timatsokomoletsa komanso kuyabwa m'maso. Moto, ngakhale wa fodya, usayandikire n'komwe. Kaulusi kalikonse kali ndi mphako yodzaza mpweya, n'chifukwa chake ubweyawu umayaka mofulumira zedi. Mphako yomweyo, pamodzi ndi phula lopyapyala lokuta kunja kwake, ndi imene imauchititsa kuyandama pamadzi, moti kale unkaikidwa m'majekete opulumutsira anthu panyanja.

Ubweya wouma muusunge m'matumba olowa mpweya, osaupanikiza kwambiri, chifukwa timaulusi take timathyoka msanga ndipo tikathyoka pilo amaphwa. Njere musataye: zina mukhoza kufesa zikadali zatsopano, ndipo zina zimayengedwa mafuta opangira sopo.