Momwe mungapindulire ndi maphunziro a kaphunzitsidwe ka masamu ku TDC

Uthenga ukabwera kuchokera kwa a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera lanu) woti aphunzitsi a Sitandade 1 mpaka 4 akasonkhane ku TDC (malo amene aphunzitsi a m'deralo amachitirako maphunziro) kukaphunzira kaphunzitsidwe ka masamu, mafunso oyamba amakhala a mayendedwe ndi alawansi. Ndi mafunso oyenera. Koma chimene chimasintha kalasi ndi kupita kumeneko mutanyamula vuto limodzi lenileni la ana anu, n'kubwerako ndi njira yoti mukaiyese Lolemba m'mawa.

Yambani kutatsala sabata imodzi. Lembani pa bolodi masamu asanu ochotsera, monga 52 − 27, 41 − 18 ndi 60 − 34, ana alembe okha osawathandiza. Pochonga, musangowerenga amene akhoza. Yang'anitsitsani mayankho olakwawo. Ngati ambiri alemba 35 pa 52 − 27, si ulesi ayi. Mwanayo waona 2 pamwamba ndi 7 pansi, wazindikira kuti 7 sangachoke mu 2, ndiye watembenuza n'kuchotsa 2 mu 7. Chimene sanagwire n'chakuti 5 uja akuimira mateni asanu, ndipo teni imodzi imatheka kumasulidwa kukhala mawani khumi. Tengani makope atatu olakwa chonchi, phimbani mayina a ana, muwaike m'chikwama.

Kenako konzani zida. Mfundo ya TALULAR, yogwiritsa ntchito zinthu zopezeka komwe tili, imagwira bwino kwambiri pa masamu. Dulani timitengo kapena mabango otalika ngati pensulo, mumange khumikhumi ndi mphira wodula kuchokera ku chubu chakale cha njinga. Mphira umaposa luzi chifukwa mwana amamasula mtolo ndi kuumanganso msanga. Kumaphunziroko tengani mitolo isanu ndi umodzi yokha ndi timitengo tina tosamanga. Onjezerani buku la mphunzitsi, buku la ophunzira, sikimu yanu (ndondomeko ya zimene muphunzitse teremu ino) ndi kope latsopano.

Gwirizanani ndi aphunzitsi aakulu za amene atsale ndi kalasi yanu, ndipo musiye ntchito yolembedwa. Amene mukuchokera kutali, monga mbali za Khombedza kapena Chipoka, nyamukani kusanatenthe; mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la kuno ku Salima silifuna kuyenda opanda botolo la madzi.

Mukafika, musabisale kumbuyo. Akafunsa woti aphunzitse phunziro lachitsanzo, dziperekeni, ndipo gwiritsani ntchito vuto lija. Ikani pa tebulo mitolo isanu ndi timitengo tiwiri. Funsani anzanu amene akukhala ngati ana kuti, "Ndipatseni timitengo tisanu ndi tiwiri." Dikirani. Musawauze chochita. Wina adzamasula mtolo umodzi, padzatsala mitolo inayi ndi timitengo 12. Achotse 7, patsale 5. Achotse mitolo iwiri, patsale iwiri. Yankho ndi 25, ndipo aliyense waona ndi maso kumene teni ija yapita. Apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amapupuluma: amamasula mtolo okha, ana n'kungoonerera. Dzanja limene lamasula mtolo ndi limene limakumbukira, choncho likhale la mwana.

Pemphaninso kuti akuonetseni njira ya mzere wa manambala pa funso lomwelo. Kuchoka pa 27 kufika pa 30 ndi 3, kufika pa 50 ndi 20, kufika pa 52 ndi 2, pamodzi 25. Umu ndi momwe amayi ogulitsa usipa ku Senga Bay amawerengera chenji, kuchita kukwera m'malo motsika, ndipo ana ambiri a m'mbali mwa nyanja anaziona kale asanalowe m'kalasi.

Polemba manotsi, musatope ndi kukopera matchati onse. Ajambuleni pa foni ngati muli nayo. M'kope lembani mawu enieni amene wophunzitsayo wafunsira funso, zimene mwana akuchita ndi manja pa nthawiyo, ndi mphindi zimene gawo lililonse latenga.

Pali mafunso awiri amene simuyenera kubwerera nawo kunyumba. Loyamba: njirayi itheka bwanji m'kalasi ya ana 100 okhala pansi? Werengerani pomwepo. Magulu khumi a ana khumi, gulu lililonse timitengo 52, ndiye kuti pakufunika timitengo 520, ntchito imene ana a Sitandade 7 angakuthandizeni masana amodzi. Lachiwiri ndi la chiyankhulo. M'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja ana amayamba sukulu akuyankhula Chiyao kunyumba, ndiye funsani momwe mungatsimikizire kuti mawu oti kuchotsera, kutsala ndi kusiyana akuwamva mofanana.

Mukabwerera kusukulu, yesani chinthu chimodzi chokha sabata yoyambayo. Kuyesa zonse nthawi imodzi kumasokoneza ana, inunso mumagwa ulesi. Masiku oyamba agwire mitolo, kenako aijambule m'makope, manambala okha abwere pomaliza. Mukachotsa mitolo msanga, yankho la 35 lija limabwereranso. Mukaisiya mpaka kalekale, mwana amalephera kuwerengera popanda timitengo. Pakatha masabata awiri, perekaninso masamu asanu omwe aja, mufananitse ndi makope oyamba, zotsatirazo mukaonetse aphunzitsi anzanu pa nthawi yanu yokambirana kusukulu.

Zida zisungeni m'chidebe chotseka pamalo okwera, chifukwa chiswe chimatha mitolo ya mabango yosiyidwa pansi. Ku Sitandade 1 pewani nyemba ndi nthanga zing'onozing'ono powerengera, popeza ana amaziika m'mphuno ndi m'makutu. Zitsekerero za mabotolo zotsukidwa bwino ndi zimene zili zoyenera kumeneko, mwana aliyense khumi m'kathumba kakekake.