Mukafuna kuyamba kulowetsa basset hound pa chionetsero cha agalu

Pa chionetsero cha maonekedwe, woweruza sayang'ana galu wanzeru kapena womvera kwambiri. Iye amakhala ndi muyezo wolembedwa wa mtundu uliwonse wa agalu, ndipo amafuna galu amene thupi lake ndi mayendedwe ake zayandikira muyezowo. Choncho musanagule kagalu, werengani muyezo wa basset hound mpaka muudziwe pamtima. Ku Britain umalembedwa ndi Kennel Club, bungwe lomwe linayamba mu 1873. Amene muli ku South Africa, fufuzani ku KUSA (Kennel Union of Southern Africa), bungwe lolembetsa agalu la kumeneko.

Basset ndi galu wa ulenje. Makolo ake anachokera ku France, kumene ankalondola akalulu ndi mphuno, alenje akumutsatira wapansi. Nchifukwa chake miyendo ndi yaifupi koma mafupa ndi olemera. Muyezo wa ku Britain umati msinkhu wake, kuyeza paphewa, ukhale masentimita 33 mpaka 38. Makutu akamakokedwa kutsogolo angopitirira pang'ono nsonga ya mphuno, osati kukwekwereza pansi.

Apa ndi pamene oyamba ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti khungu likamalendewera kwambiri, zikope zikamagwa mpaka kufiira kwa m'maso kukuonekera, ndiye kuti galuyo ndi weniweni. Ayi ndithu. Pa Crufts, chionetsero chachikulu cha agalu ku Britain, ya 2012 ku Birmingham, basset amene anapambana anzake onse a mtundu wake sanapatsidwe mphotoyo atalephera pa kuyeza kwa dotolo wa ziweto. Ine ndimati pogula kagalu yambani mwayang'ana maso, miyendo yakutsogolo ndi mayendedwe a mayi wake. Galu amene chifuwa chake chikukhudza udzu sangalondole kalulu tsiku lonse, ndipo woweruza wodziwa ntchito amaona zimenezi msanga. Gulani kwa woweta amene amapita yekha ku zionetsero, ndipo kagaluko kakhale kolembetsedwa ku bungwe. Popanda pepalalo simulowa m'bwalo.

Ku Britain kagalu sikaloledwa kupikisana kasanakwane miyezi 6. Miyezi yodikirayi musaitaye. Pitani nako ku makalasi a ringcraft, kumene agalu amaphunzira kuima ndi kugwiridwa ndi anthu achilendo. Woweruza amatsegula milomo kuti aone mano, amasisita msana, ndipo ngati ndi wamphongo amaonetsetsa kuti machende onse awiri anatsika. Kagalu kazolowere zonsezi kakadali kakang'ono. Poimika, miyendo yakutsogolo ikhale pansi pa chifuwa, yakumbuyo ibwerere pang'ono, msana uli wowongoka, inu mutagwada, dzanja lina lili pansi pa chibwano lina likukweza mchira. Mphindi zochepa tsiku lililonse ndi zokwanira. Basset mukamukakamiza amangogona pansi phee, ndipo simungamudzutse ndi ukali.

Vuto lalikulu ndi mphuno. Bwalo la chionetsero limadzaza ndi fungo la agalu ena, ndiye wanuyo amafuna kuyenda mutu uli pansi. Gwiritsani kachingwe kopyapyala koikidwa m'mwamba, kuseri kwa makutu, ndipo m'thumba musunge tizidutswa ta chiwindi chowotcha. Muzimuyendetsa pa udzu, pa simenti, pa mphasa, mowongoka ndi mwa makona atatu monga amachitira m'bwalo. Osathamanga naye. Woweruza akufuna kuona miyendo yakutsogolo ikutambasuka bwino, yakumbuyo ikukankha, zala zosakokera pansi.

Kumukonza n'kosavuta chifukwa ubweya ndi waufupi: kumusambitsa dzulo lake, kuwenga zikhadabo, basi. Makutu okha ndiwo amafuna khama. Mpweya sulowamo bwino, choncho pukutani mkati sabata iliyonse, ndipo pakudya muvekeni kansalu kotchinga makutu kuti asaviike m'mbale. Tengani kathaulo kopukutira malovu musanalowe m'bwalo. Samalaninso kunenepa, pakuti galuyu ndi wadyera ndipo msana wake wautali umapindikira pansi pakati akalemera.

Musayambire pa zionetsero zikuluzikulu. Yambani ndi open show (chionetsero chaching'ono) ya pafupi, m'kalasi ya tiagalu, ndipo fikani msanga kuti muone mmene woweruzayo akuyendetsera anzanu. Kenako mudzapita ku championship show, chionetsero chachikulu kumene amapereka Challenge Certificate, satifiketi ya galu wamphongo ndi wamkazi amene apambana anzawo a mtundu wawo. Njira yodziwika yoti galu atchedwe Champion ku Britain ndi kupeza masatifiketi 3 otere kuchokera kwa oweruza atatu osiyana, ndipo zimenezi zimatha kutenga zaka. Lowani m'kalabu ya oweta basset ya m'dera lanu. Akuluakulu a kumeneko ndi amene angakuuzeni mosabisa ngati kagalu kanu n'koyenera bwalo kapena n'kongosewera nako pakhomo.