Momwe mungatsekere switch kuti mlendo asalumphe VLAN

Pa loji ina kuno ku Zomba ndinagawa netiweki pawiri pa switch (bokosi lolumikiza makompyuta), chigawo chilichonse chimatchedwa VLAN: VLAN 10 ya ofesi ya ndalama, VLAN 20 ya alendo. Abwana anati basi mpanda wamangidwa. Ayi ndithu. Switch ya Cisco Catalyst 2960 imabwera ma port ake (mabowo olowetsamo zingwe) ali pa dynamic auto, kutanthauza kuti akapemphedwa amavomera kukhala trunk, msewu wonyamula ma VLAN onse. Munthu akalumikiza laputopu n'kutumiza mauthenga a DTP (opempha trunk) ndi pulogalamu ngati Yersinia, port ija imasanduka trunk, ma VLAN onse ali poyera.

Ndiye yambani ndi ma port a makompyuta: lembani switchport mode access, kenako switchport nonegotiate, kuti asasanduke trunk. Ma port osagwira ntchito, ngati kabowo kali kuseri kwa sofa pa resepishoni, apatseni shutdown. Ngati switch ndi ya kaunjika, fufutani kaye config (makonzedwe ake) yonse. Ogulitsa ena amangopukuta fumbi, ma password a eni ake akale ali momwemo.

Chachiwiri, chotsani pa 1 native VLAN, yomwe imadutsa pa trunk popanda tag (chizindikiro chonena VLAN yake). Wakuba amamata ma tag awiri a 802.1Q pa frame (kaphukusi ka uthenga) imodzi. Switch yoyamba imasenda lakunja poti ndi la native, yachiwiri imawerenga lamkati n'kukaponya frame ija ku VLAN 10. Yankho silibwerera, koma zoipazo zafika kale. Lembani switchport trunk native vlan 999 mbali zonse ziwiri za trunk, ndipo mu 999 musaikemo aliyense.

Apa tsopano ndi pamene ndinapsa. Ndili kunyumba ku Matawale, ndinalowa mu switch pa SSH (njira yoilamulira uli kutali) kuti ndiwonjezere VLAN 30 ya makamera, n'kulemba switchport trunk allowed vlan 30. Ndinaiwala liwu limodzi, add. Popanda ilo, mndandanda wonse umafufutika, kutsala 30 yokha. Sikirini inangoti zii. Foni kulira: risiti sizikutuluka, alendo akudandaula. Kuzima switch n'kuyatsanso kukanatha nkhani, poti ndinali ndisanasunge, koma kiyi wa kabati anali m'thumba mwanga. Ndinakwera kabaza mvula ili pamsana, ndipo console cable (chingwe cholumikiza laputopu mwachindunji ku switch) yotchipa yomwe ndinanyamula Windows inaikana. Gulani yeniyeni, yodulayo.

Masiku ano ndisanakhudze trunk ndimalemba reload in 10. Ndikadzitsekera kunja, switch imadziyatsanso pakatha mphindi 10 ili ndi config yakale. Zikayenda bwino, reload cancel.

Zotsalazo n'zachangu: port-security kuti wina asadzaze tebulo la MAC (mndandanda wa ma adiresi a makompyuta), DHCP snooping kuti wina asagawe ma adiresi abodza, Telnet (njira yolowera kutali yosabisa password) tsekani. Mukatero write memory kuti musunge config, magetsi asanathime.