Mwana akayamba kuzemba sukulu, fufuzani kaye musanamukalipire

Mwana amene ankakhoza bwino ku pulayimale akayamba kujomba ali Fomu 1 kapena Fomu 2, makolo ambiri amathamangira kunena kuti ndi ulesi. Nthawi zambiri kuseri kwake kumakhala kuzunzidwa ndi anzake, nkhawa yozama, kapena chamba ndi mowa, ndipo zitatuzi zimakokana. Wozunzidwa amasowa tulo, wosowa tulo sagwira kanthu m'kalasi, akalephera amadziona wachabe, kenaka mnzake amamupatsa ndudu yachamba kuti "aiwale". Ntchito yanu ndi kupeza chimene chinayamba.

Yambani ndi makope ake. Onani mwezi umene notsi zinayamba kudumphadumpha, ndipo pemphani aphunzitsi a kalasi yake akuonetseni masiku amene anajomba. Ngati amajomba tsiku limodzimodzi sabata iliyonse, kapena amadandaula mutu ndi m'mimba m'mawa wopita kusukulu koma Loweruka ali bwinobwino, mwina pali munthu amene akumuopa. Kusukulu zogonera yang'anani zinthu zosowa: shuga ndi sopo zotha sabata yoyamba, bulangeti losadziwika kumene lapita, kupempha ndalama pafupipafupi. Kawirikawiri ndi akuluakulu a makalasi apamwamba amene amalanda. Nkhanza zina zili pa WhatsApp, choncho mwana wosintha nkhope akangoona foni musamunyalanyaze.

Nkhawa yozama imadziwika ndi kutalika kwake. Kukhumudwa kwa masiku awiri n'kwa aliyense, koma akatha masabata awiri akudzipatula, osafuna ngakhale mpira umene amaukonda, kudya ndi kugona zitasokonekera, amenewo akhoza kukhala matenda. Achinyamata ambiri saonetsa misozi, amaonetsa ukali. Wachinyamata amafunika maola 8 mpaka 10 a tulo, ndiye foni izigona kuchipinda kwanu.

Chamba chimaoneka ndi maso ofiira, njala yodabwitsa ndi kuiwala zimene wangowerenga kumene. Kachasu ndi timabotolo totchipa zimamveka fungo.

Polankhula naye, sankhani nthawi imene muli awiri, mwina popita kumunda kapena kuchigayo. Musafunse kuti "ukusuta eti?" Nenani zimene mwaona: "Mwanawe, ndaona sukudya bwino ndipo wasiya kucheza ndi anzako. Chikukusautsa n'chiyani?" Mukatero khalani chete. Ndodo imangomuphunzitsa kubisa. Ngati kwa inu akumangika, atsibweni ake kapena azakhali amene amawamasukira ayese.

Akatchula womuzunza, musapite kukamenyana ndi mwanayo, chifukwa mawa mwana wanu ndiye adzalipira. Kaonaneni ndi ahedi, lembani masiku ndi zimene zinachitika, ndipo mubwerereko pakatha sabata. Nambala ya 116 ndi yaulere, yothandiza ana. Za chamba ndi nkhawa yambirani kuchipatala cha boma, kapena kuchipatala cha matenda a maganizo cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Akangotchula zofuna kudzipha, musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe m'nyumba, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.