Momwe mungatetezere nkhuku ku chimfine cha mbalame chosaonetsa ukali

Alimi ambiri akamva za chimfine cha mbalame amaganiza za nkhuku zofa mwaunyinji usiku umodzi, koma mitundu yambiri ya kachilombo koyambitsa matendawa siipha motero. Imayenda mwakachetechete mwa abakha ndi atsekwe akutchire komanso mbalame zina za m'madzi, zomwe nthawi zambiri sizidwala n'komwe, ndipo ikalowa m'khola nkhuku zimangoyetsemula, kutuluka misozi, kudya mochepa ndi kuchepetsa mazira. Choopsa n'chakuti mitundu iwiri, H5 ndi H7, ikakhalitsa pakati pa nkhuku zambiri imatha kusintha n'kukhala yakupha. Ku Italy, kachilombo ka H7N1 kanayamba kufala mofatsa m'makola a nkhuku ndi nkhukundembo mu Malichi 1999, koma pofika Disembala kanali katasanduka kaukali, ndipo mbalame zoposa 13 miliyoni zinafa kapena kuphedwa. Choncho nthawi yoyenera kuchitapo kanthu ndi pamene matendawa akuoneka ngati chimfine wamba.

Choyamba, yambani ndi madzi

Mwa mbalame za m'madzi kachilomboka kamaswana m'matumbo ndipo kamatuluka ndi zitosi. Zitosizo zikagwera m'dziwe, m'damu kapena m'ngalande, kachilomboka kamakhalabe ndi mphamvu kwa masiku angapo m'madzi ofunda, ndipo m'madzi ozizira kamatha milungu ingapo. Nkhuku siifunika kuonana ndi bakha wakutchire kuti itenge matenda, popeza kumwa madzi a pamalo pomwe bakhayo anasambira dzulo n'kokwanira.

Kwa ife nkhaniyi si yakutali. Nyanja ya Chilwa, Chiuta ndi dambo la Elephant Marsh kuchigwa cha Shire zimasunga mbalame za m'madzi zochuluka, ndipo kuyambira cha mu Okutobala mpaka Epulo kumabweranso zina zochokera ku Ulaya ndi ku Asia. Ku Zambia, akatswiri anapezapo mitundu yofatsa ya kachilomboka m'zitosi za mbalame zakutchire za ku Lochinvar, m'chigwa cha mtsinje wa Kafue.

Mwetsani nkhuku madzi a pamjigo, a pampopi kapena a pachitsime chovindikira. Ngati simungachitire mwina koma kutunga kudambo kapena kumtsinje, siyani madziwo adikhe kaye, muwasefe, kenako muthiremo klorini pa mlingo womwewo wa madzi akumwa anthu, chifukwa m'madzi amatope klorini amatha mphamvu msanga. Zomwera zizikhala m'kati mwa khola ndipo zizitsukidwa ndi sopo tsiku lililonse. Zithaphwi zomwe zimatsala pabwalo mvula ikakata muzikwirire, kapena mukumbe kangalande kuti madzi azipita.

Chachiwiri, lekanitsani abakha ndi nkhuku

Apa ndi pomwe makomo ambiri amaphonya. Bakha woweta amachoka m'mawa kupita kudimba kapena m'munda wa mpunga, amaviika mlomo m'matope omwe abakha akutchire adyamo usiku, ndipo madzulo amabwerera kudzamwa m'beseni limodzi ndi anapiye, mwina kudzagonanso pansi pa chitupa cha nkhuku. Iye amaoneka wathanzi ndipo mwini wake sangamukayikire, pomwe zitosi zake zamadzimadzi zadzaza pabwalo ponse. Abakha akhale ndi khola lawo, chomwera chawo ndi chodyera chawo, ndipo amene akusamalira ziweto ayambe ndi anapiye, apite ku nkhuku zazikulu, n'kumalizira kwa abakha. Ine ndimaona kuti mlimi amene akuweta nkhuku zoikira mazira kapena zanyama monga bizinesi ndi bwino asasunge abakha n'komwe, chifukwa phindu la abakha asanu silingafanane ndi chiopsezo chomwe amaika pa nkhuku 500.

Chachitatu, musaitane mbalame zakutchire ndi chakudya

Gaga wotayika pakhomo la khola amakopa mpheta, nkhunda ndi akhwangwala. Mbalame zimenezi si gwero lenileni la matendawa, koma zimayenda pakati pa dambo ndi khola zitanyamula litsiro kumapazi, monga amachitiranso makoswe. Dyetserani m'kati, sesani zotayika, sungani matumba a chakudya m'chipinda chotseka, ndipo mazenera a khola muike waya wa maso ang'onoang'ono. Kwa nkhuku zachikuda zoyenda zokha, kuzitsekera chaka chonse n'kovuta, komabe mpanda wa bango kapena wa nsungwi wozitchinga kumbali ya dambo umathandiza, makamaka m'nyengo ya dzinja.

Chachinayi, yang'anirani mapazi, mathileyi ndi madengu

Kachilomboka kakalowa pakhomo limodzi, kufalikira kwake m'makomo ena kumakhala ntchito ya anthu. Zitosi zimamatirira pansi pa nsapato, pamatayala a njinga, m'madengu a mavenda ogula nkhuku ndi pamathileyi a mazira omwe amazungulira kuchoka ku golosale kupita kufamu ina. Khalani ndi majombo ovala m'khola mokha. Pakhomo ikani burashi ndi madzi a sopo ochotsera matope, kenako beseni la mankhwala ophera tizilombo lopondamo. Dongosololi n'lofunika, chifukwa kuponda m'mankhwala ndi jombo yodzaza matope sikupha kanthu, ndipo beseni lomwe lakhala masiku ambiri osasinthidwa limasanduka chosungira matenda. Wogula adikire kunja kwa mpanda, inu mum'tulutsire nkhuku. Mathileyi a mapepala ochokera kwina musawalowetse m'khola, popeza satsukika.

Kumadera a kunyanja ya Chilwa, komwe kusaka mbalame ndi njira yopezera ndiwo ndi ndalama, pali chinthu chinanso. Mbalame yakutchire ikamasosoledwa pakhomo, nkhuku zimathamangira kudzajompha matumbo ndi kupalasa nthenga, ndipo madzi otsukira amathiridwa pabwalo pomwepo. Sosolerani kutali ndi ziweto, kwirirani nthenga ndi matumbo m'dzenje lakuya, ndipo musambe m'manja ndi sopo musanagwire nkhuku. Nyama yophikidwa mpaka kupsa bwino ilibe vuto, chifukwa kachilomboka kamafa pa kutentha kwa madigiri 70.

Chachisanu, patulani nkhuku zachilendo

Nkhuku yogula pamsika, yopatsidwa ndi achibale, kapena yanu yomwe yabwerera kumsika itakanika kugulidwa, ikhale payokha kwa milungu itatu isanasakanikirane ndi zinzake.

Chachisanu ndi chimodzi, lembani ndipo nenani msanga

Popeza zizindikiro n'zochepa, kabuku kolembamo mazira, chakudya ndi imfa za tsiku lililonse ndiko kamaulula vuto maso asanaone. Mazira akatsika mwadzidzidzi popanda kusintha kwa chakudya, zikamba za mazira zikayamba kufewa, kapena mukamva kuyetsemula ndi kupuma mwaphokoso m'khola usiku, dziwitsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu. Ndi maso okha palibe angasiyanitse chimfinechi ndi chitopa chofatsa kapena matenda ena a chifuwa, choncho zoyeza zimatengedwa kukhosi ndi kotulukira zitosi n'kutumizidwa ku labotale ya ziweto ku Lilongwe. Dziwaninso kuti katemera wa chitopa wa I-2 sateteza ku chimfine cha mbalame, ndipo mankhwala monga makapisozi sapha kachilomboka.

Podikira zotsatira, musagulitse nkhuku, musapatse mnansi, ndipo musatulutse manyowa. Chizolowezi chothamangira kumsika nkhuku zikangoyamba kuodzera ndicho chimafalitsa matenda m'boma lonse. Ku South Africa, kachilombo kofatsa ka H6N2 kanapezeka m'nkhuku ku KwaZulu-Natal mu 2002 ndipo kanakhazikika m'makola kwa zaka zambiri pambuyo pake. Nkhuku zakufa muzikwirire mozama kapena kuziwotcha, osati kuzitaya kumtsinje kapena kupatsa agalu. Manyowa muwaunjike mulu, muwafunditse pulasitiki kwa mwezi wathunthu kuti atenthe, ndipo khola likatsala lopanda kanthu mulisese, mulitsuke ndi sopo, mupoperemo mankhwala, kenako liume kwa milungu iwiri musanaikemo anapiye ena.