Mustang yanga inkakana kulira ikatentha

Galimoto yanga ya Ford Mustang ya 1967, ya injini ya 289 V8, ndakhala ndikuikonza pang'onopang'ono kwa zaka 9. Koma inali ndi khalidwe limodzi lotopetsa: ukaizimitsa itatentha, pakapita mphindi 15 inkangokana kulira. Ndinasintha koyilo, mapulagi, ngakhale batire. Ndalama kungopita.

Tsiku lina nditachotsa air filter, ndinamva kubwata m'kati mwa kabyureta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya) ngati phala pamoto. Kani petulo ankawira ndi kutentha kwa injini, n'kusefukira mu manifold (njira yolowetsa petulo ndi mpweya mu injini), n'kuchulukamo moti injini inkakana kulira. Petulo wosakaniza ndi ethanol sachedwa kuwira.

Ndinaika spacer ya phenolic (chidutswa cha pulasitiki yolimba chotchinga kutentha) pansi pa kabyureta, n'kusuntha paipi ya petulo kuti italikirane ndi injini. Chifukwa cha spacer imeneyi mabawuti akale a kabyureta anaperewera, ndinagula aataliko. Pano ndikangopotokola kiyi, yalira, ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo.